Chifuwa chachikulu chopanda chifuwa

Dzina la matendawa limasocheretsa. Mayi wakhala ndi mwanabere m'khosi kwa miyezi iwiri, sakupweteka, sakutsokomola, mwina anakatemetsa kale mphini pachotupapo. Dokotala akatchula TB, mayiyo amangoti kakasi. Koma kachilombo kamene Robert Koch anakatulukira mu 1882 sikakhala m'mapapo mokha, ndipo kakatuluka m'mapapomo kamakonda kukabisala mwa anabere, makamaka a m'khosi.

Apa makhololo sathandiza kwenikweni, poti nthawi zambiri sapezeka ndi kanthu. Ife a m'labotale timafuna za m'chotupa momwemo. Dokotala amabaya ndi singano yopyapyala ngati ya jakisoni n'kukoka timadzi kapena mafinya pang'ono. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo wodwala amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Zikatuluka zoyera, zonyenyeka ngati chambiko, mtima umayamba kale kukayikira TB tisanayeze n'komwe.

Kenako zimapakidwa pa kagalasi n'kuthiridwa utoto wa Ziehl-Neelsen. Khungu la kachilomboka n'lamafuta, ndiye likagwira utoto wofiira silisuluka ngakhale mutatsuka ndi asidi. Pa maikulosikopu timaona timitengo tofiira pakati pa zobiriwira ngati mtambo. Vuto n'lakuti mwa mwanabere tizilomboti timakhala tochepa, pamene diso limafuna masauzande angapo mu mililita imodzi kuti litione. Munthu amatha kupenda galasi lonse mpaka maso kuwawa, osapeza kalikonse, TB ili momwemo.

N'chifukwa chake makina a GeneXpert anatipepukitsira ntchito. Bungwe la WHO linawavomereza mu 2010, ndipo mu 2013 linalola kuti aziyezeranso za mwa anabere. Makinawa safuna kuona kachilombo, amangofufuza DNA yake, ndipo m'maola awiri amanenanso ngati mankhwala a rifampicin angakagonjetse. Kumeretsa tizilombo m'botolo kudakali kofunika, koma kumafuna kudekha: milungu iwiri kapena itatu m'madzi ake apadera, mwinanso mpaka isanu ndi itatu pa chakudya cha Löwenstein-Jensen.

Chimene chimandipweteka mtima ine ndi kulandira kanyama ka mwanabere konse kataviikidwa mu formalin. Mankhwalawa amasunga bwino minofu kuti katswiri aione pa maikulosikopu, koma amapha tizilombo, ndipo chakufa sichimera. Kachidutswa kena kazibwera m'madzi amchere.

Zotsatira zikati TB sinapezeke, nkhani sinathe. Khansa ya lymphoma imatupitsa khosi chimodzimodzi, ya Kaposi nayonso, ndipo HIV payokha imabweretsa anabere mbali zonse ziwiri. Pamenepo dokotala wa opaleshoni amachotsa mwanabere wathunthu kuti apimidwe. Kuyambitsa mankhwala a TB mongoyerekeza kumatha kutayitsa wodwala khansa miyezi imene akanathandizidwa.

TB ikatsimikizika, mankhwala ake ndi omwe aja a m'mapapo: miyezi iwiri ya mitundu inayi, kenako miyezi inayi ya rifampicin ndi isoniazid, ndipo m'zipatala zaboma kuno ndi aulere. Odwala ena chotupa chimayamba chakula, mwinanso kuphulika, mankhwala akugwira bwinobwino. Zikatero abwerere kuchipatala akaonedwe, koma mapiritsi asasiye.