Agogo akumva kugunda kokha

Tikapita kwathu ku Songani nthawi ya holide, timakonda kusonkhana pabalaza Sabata likatha n'kuonera limodzi filimu ya nkhani za m'Baibulo. Koma kawirikawiri agogo amadandaula kuti akungomva kugunda, mawu osamveka. Ife timathamangira kukweza voliyumu, pomwe vuto lili pamalo amene takhomera masipika.

Tisanaboole khoma, tikhale kaye pampando wapakati. Masipika awiri akutsogolo akhale uku ndi uku kwa TV, molingana ndi makutu a munthu amene wakhala pampando, osati m'mwamba pafupi ndi malata monga timaonera m'nyumba zoonetsera vidiyo pamsika. Mtunda wa pakati pa awiriwo ufanane ndi mtunda wochoka pa sipika iliyonse kufika pampandowo. Kachingwe kokha n'kokwanira kuyezera.

Sipika yapakati ndi imene imatulutsa zolankhula zambiri za mufilimu, choncho ndiyo yofunika kwambiri kwa agogo. Ikhale pansi kapena pamwamba penipeni pa TV, moyang'ana anthu. Awiri otsalawo akhale m'mbali, chakumbuyo pang'ono, mopitirira mutu. Bokosi la besi tikaliika pakona, kugunda kumachuluka, tilisuntheko.

Simenti ndi makoma opanda kanthu zimabweza mawu, ndiye amasokonekera. Mkeka pansi ndi makatani okhuthala zimathandiza kwambiri, mwina kuposa kugula sipika ina.

Ngati khoma ndi la zidina, msomali sugwira bwino. Tiyambe talimbitsa thabwa pakhomapo, kenaka tikhomere sipika pathabwalo.