Dzanja la amayi lidzagwiranso khasu? Zala zimayankha msanga

Ambiri a ife amene timapanikizana m'minibasi m'mawa uliwonse tili ndi makolo kumudzi. Anga ali ku Mambwe, kucigwa ca Luangwa, kumene dzanja ndilo khasu, ndilo mthiko, ndilo lothyola thonje. Ndiye foni ikalira kuti nkhalamba yagwidwa ndi sitiroko, tonse timafunsa cimodzi: kodi dzanja lija lidzagwiranso nchito?

Sitiroko imabwera mtsempha wa magazi ukatsekeka kapena kuphulika mu ubongo, ndipo kawirikawiri BP ndiyo imayambitsa. Dzanja lokhalo silinavulale iyayi. Caonongeka ndi njira imene ubongo umatumizira uthenga ku dzanja. Manje ngati njirayo yatsalako ngakhale pang'ono, ciyembekezo cilipo, ndipo thupi limaonetsa zimenezi masiku oyambirira.

Mu 2010, akatswiri a ku Netherlands anafalitsa zimene anapeza pa odwala amene anawayesa pasanathe maola 72. Mwa amene anatha kutambasula zala ndi kukweza phewa pang'ono cabe, 98 pa 100 alionse anayambanso kugwiritsako nchito dzanja pofika miyezi 6. Mwa amene analephera zonse ziwiri, anali 25 pa 100. Onani bwino apa: ngakhale pa gulu laciwirili, mmodzi mwa anayi dzanja linabwerera. Osataya mtima msanga.

Mu 2017, Cathy Stinear ndi anzake ku University of Auckland, ku New Zealand, anatulutsa njira yochedwa PREP2. Pa tsiku lacitatu amayesa mphamvu ya phewa ndi zala, n'kupereka mamakisi mpaka 10. Akacepera 5, amaika pamutu makina a maginito amene amagogoda ubongo, n'kuona ngati uthenga wafika ku minofu ya dzanja. Njirayi imalosera molondola pa odwala pafupifupi atatu mwa anayi.

Makina otero sitingawayembekezere pa kiliniki ya kumudzi. Koma phewa ndi zala, dokota kapena wa physio angaziyese ndi manja ake. Cofunika n'cakuti wodwala afike msanga, kaya ku cipatala ca mishoni ca Kamoto, kaya ku Chipata Central Hospital ngati amutumiza kumeneko. Kucira kwambiri kumacitika m'miyezi itatu yoyamba, ndipo miyezi imeneyi ndi imene timaitaya tikamadikira kumapeto kwa mwezi, kapena tikamakangana kuti walodza ndani.

Ine ndikuti tere, abale anga. Mukamva kuti pakamwa papotoka, dzanja lalemera, mau sakumveka, tumizani ndalama ya transipoti tsiku lomwelo, ngakhale yokongola. Uzani amene ali pambali pa bedi afunse adokota: zala zikutambasuka? Phewa likukwera? Yankho lake lidzakuthandizani kukonzekera, kaya kulimbikira maekisesaizi a dzanjalo, kaya kuyamba kuphunzitsa linalo kudya ndi kuvala. Ndiponso awaletse kudzutsa wodwala pomukoka dzanja lofookalo, cifukwa phewa limaguluka.

Nanunso mukatsika basi lelo, pitirani pa kiliniki mukapimitse BP. Sizitenga nthawi, ndipo sitiroko siyang'ana kuti uyu ndi wa kumudzi, uyu ndi wa mu tauni.