Mboni Zosalankhula

Munthu akafa mwadzidzidzi ku Chiosya, m'boma la Mchinji, mudzi suchedwa kuloza chala nkhalamba kuti ndiyo mfiti. Koma bwalo la milandu silimvera mphekesera. Limafuna umboni, ndipo umboni wina umachokera m'nyumba yopimira zinthu, yotchedwa labotale.

Labotale yoyamba ya apolisi anaitsegula Edmond Locard mumzinda wa Lyon, ku France, m'chaka cha 1910. Iye anaphunzitsa kuti wolakwa amasiya kanthu pamalo pamene wafika, natengaponso kanthu pochoka.

M'Malaŵi muno ntchitoyi ndi yogaŵana. Kulikulu la apolisi ku Lilongwe kuli akatswiri a zidindo za zala ndiponso a mfuti ndi zipolopolo. Madokotala opima mitembo amafufuza ngati munthu wafa ndi nthenda, kumenyedwa, kapena chiphe monga tameki. Chamba chogwidwa amakachipima ku Chitedze, malo ofufuzira zaulimi pamseu wa ku Mchinji. Palinso luso la DNA, chizindikiro cha munthu chopezeka m'magazi ndi m'malovu. M'chaka cha 1986 lusoli linamasula mnyamata wina ku England amene anamuganizira mlandu wakupha.

Komatu akatswiri onseŵa amadalira anthu akumudzi. Khamu likapondaponda pamalo, chikho chimene womwalira anamwera chikatsukidwa, maliro akaikidwa mothamanga, mboni zosalankhulazi zimatayika. Pamenepo wolakwa amapulumuka, wosalakwa nasenza mlandu. Nzeru ndi kusakhudza kanthu kufikira apolisi atafika.