Womanga Katundu Sakwera Nawo Bwato

Munthu wofuna kukafika kwa Mfumu Yaikulu Nyachikadza, m'boma la Nsanje, sayembekeza basi kapena matola. Amatsikira kudooko nalonga katundu wake m'bwato, ndipo kuchokera pamenepo moyo wake uli m'manja mwa wopalasa ndiponso mwa amene wamanga katunduyo. Thumba likaikidwa mopendekeka, kapena chingwe chikamangidwa mwaulesi, cholakwacho sichioneka pagombe pamene pali anthu ambiri ayi, chimakaonekera pakati pa madzi pamene palibe wothandiza. Dera limeneli lili m'dambo la Ndindi, kufupi ndi malire a Mozambique. Nthaka yake ndi yachonde kotero kuti chimanga, mbatata ndi nyemba zimacha ngakhale m'chilimwe, ndipo n'chifukwa chake eni dera akhala akukana kusamukira kumtunda ngakhale boma lawapempha kwa zaka zambiri. Komatu madzi amene amadza ndi chondecho ndi omwenso amagwetsa nyumba.

Pofuna kupulumutsa anthu kuchigwa chotere, chinthu choyamba ndicho kudziwa pamene pali midzi, sukulu, mijigo ndi njira. M'chaka cha 2014 gulu la Humanitarian OpenStreetMap Team, mothandizidwa ndi World Bank ndiponso mogwirizana ndi nthambi za boma zoona za mapu ndi za ngozi zogwa mwadzidzidzi, linaphunzitsa Amalawi kulemba mapu a madera osefukira madzi a Chikwawa ndi Nsanje. Patangopita miyezi yowerengeka, mu Januwale 2015, kunagwa chigumula chimene chinachititsa boma kulengeza kuti maboma 15 ali pangozi, ndipo kufunika kwa mapu otere kunaonekera poyera.

Mapulogalamu a pakompyuta amene amagwira ntchito yotereyi, monga JOSM yojambulira mapu ndi QGIS yowasanthulira, sagulidwa m'sitolo. Ngakhale nkhokwe ya mapu a dziko lino yotchedwa MASDAP inamangidwa pa pulogalamu yaulere ya GeoNode. Onsewa ndi a m'banja la mapulogalamu aufulu, amene munthu aliyense amaloledwa kuwagwiritsa ntchito, kuwerenga m'mene anawalembera, kuwasintha ndi kugawirako anzake. Tsono funso limene safunsa ambiri ndi ili: kodi pulogalamu yolembedwa ndi anthu obalalika m'maiko ambiri imafika bwanji yamphumphu pa kompyuta ya mphunzitsi wa ku Nsanje? Pakati pa mlembi ndi mphunzitsiyo pali munthu wachitatu, womanga katundu uja, ndipo palibe kumene ntchito yake imaoneka bwino kuposa m'gulu lotchedwa Debian.

Debian ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, yogwira ntchito imene Windows imagwira pa makompyuta ambiri a m'maofesi. Anaiyambitsa ndi Ian Murdock pa 16 Ogasiti 1993 ali wophunzira ku America, ndipo dzinalo analipanga polumikiza dzina la bwenzi lake Debra ndi lake. Palibe kampani imene ili mwini wake. Amaisamala ndi mamembala pafupifupi 1,000 ogwira ntchito mongodzipereka, pamodzi ndi othandiza ena ambiri, ndipo chaka chilichonse amasankha mtsogoleri mwa voti. Kuyambira 2020 mpaka 2024 mtsogoleriyo anali Jonathan Carter wa ku South Africa. Mu 1997 gululi linalemba pangano lake ndi anthu onse, lolonjeza kuti Debian idzakhala yaufulu nthawi zonse ndi kuti zolakwa zake sizidzabisidwa. Ubuntu, imene ambiri m'Malawi amaidziwa ndipo dzina lake ndi umunthu womwewu, inaphuka pa tsinde la Debian mu 2004.

Anthu a Debian sindiwo amalemba mapulogalamu ambiri amene amagawa. Ntchito yawo yeniyeni ndiyo kulongedza. Wosamalira amatenga pulogalamu monga eni ake anailembera, nawerenga chilolezo chake kuti aone ngati ilidi yaufulu, naisandutsa kuti makina aimve, kenaka naimanga m'phukusi lokhala ndi dzina, nambala ndi malangizo onena pamene chidutswa chilichonse chikakhale m'kompyuta. Chovuta koposa ndicho kulemba mndandanda wa mapulogalamu ena amene phukusilo limadalira, pakuti palibe pulogalamu yoima payokha. QGIS, mwachitsanzo, singawerenge mapu popanda inzake yotchedwa GDAL, ndipo singadziwe malo enieni a mudzi pa dziko lapansi popanda ina yotchedwa PROJ. Kutumiza imodzi n'kuiwala zinazo kuli ngati kuwolotsa mtondo n'kusiya munsi kutsidya. Mndandanda ukalembedwa bwino, wogwiritsa ntchito amangotchula dzina limodzi, ndipo kapulogalamu kotchedwa apt kamasonkhanitsa kokha zonse zofunika. M'gululi muli kagulu kapadera kosamala maphukusi a mapu okhaokha, ndipo JOSM ndi QGIS zili m'manja mwake. Debian 13, imene inatuluka pa 9 Ogasiti 2025, ili ndi maphukusi oposa 69,000, ndipo onsewo ayenera kukhalirana popanda kupondana.

Phukusi likamangidwa silipita kwa anthu tsiku lomwelo. Wosamalira amalisindikiza ndi kiyi wake wachinsinsi, amene mamembala anzake anachitira umboni kuti ndi wakedi, nalitumiza m'chigawo choyamba chotchedwa unstable, kumene zinthu zimasweka kawirikawiri ndipo okhalako amadziwa zimenezo. Chigawochi anachipatsa dzina lakuti Sid, kamnyamata kothyola zidole m'kanema wa Toy Story, pakuti mayina onse a Debian amachokera m'kanema ameneyu. Phukusi likakhala kumeneko masiku angapo popanda wolipeza ndi chilema chachikulu, ndipo makina oyesera akalivomera, limawolokera m'chigawo chachiwiri chotchedwa testing. Pafupifupi zaka ziwiri zilizonse chipata chimatsekedwa: zatsopano zimaletsedwa kulowa, ndipo kwa miyezi ingapo gulu lonse limangosaka ndi kukonza zilema. Phukusi limene lakanika kukonzeka amalichotsa, ngakhale likhale lokondedwa chotani. Zotsalazo ndizo zimatchedwa stable. Achinyamata okonda zatsopano amadandaula kuti Debian imachedwa ndipo mapulogalamu ake ndi okalamba, ndipo sanama. Koma kuthamanga sikufika, ndipo amene ali kutali ndi wokonza makina amadziwa yekha chimene angasankhe.

Sikuti dongosolo limeneli silinalakwepo. Mu 2006 wosamalira wina, pofuna kuletsa machenjezo amene chida choyesera chinali kutulutsa, anachotsa timizere tiwiri m'pulogalamu ya OpenSSL, imene imapanga makiyi achinsinsi otetezera mauthenga pa intaneti. Pulogalamuyo inapitiriza kugwira ntchito ngati kuti palibe chachitika, koma m'malo mosankha kiyi pakati pa manambala osawerengeka, inayamba kusankha pakati pa manambala pafupifupi 32,000 okha, amene mbala yokhala ndi kompyuta ikanatha kuwayesa onse mosavuta. Cholakwacho chinakhala chobisika mpaka mu Meyi 2008, pamene membala wa ku Argentina, Luciano Bello, anachitulukira. Chinali chitawolokera kale mu Ubuntu, ndipo anthu m'maiko ambiri anayenera kutaya makiyi awo n'kupanga ena. Munthuyo analibe cholinga choipa, anangomasula mfundo imene sanadziwe chimene inagwira. Gululo linasunga pangano lake: linalengeza poyera, nilitulutsa zida zoti aliyense azindikire makiyi ofookawo.

Nkhani yachiwiri ndi ya 2024, ndipo iyi inali ya chiwembu. Munthu wodzitcha Jia Tan anakhala zaka ziwiri akuthandiza mokhulupirika pa kapulogalamu kopanikizira mafayilo kotchedwa xz, kamene mwini wake anali kukasamala yekha ndipo anali atatopa. Atapatsidwa mphamvu, anabisamo khomo lachinsinsi loti adzalowere m'makina a anthu ena. Maphukusi oipawo analowa mu unstable ndi mu testing. Koma katswiri wina wa ku Germany, Andres Freund, amene anali kuyesa zinthu zina pa Sid, anaona kuti makina ake akuchedwa ndi theka la sekondi polowetsa munthu. Wina aliyense akadangoti ndi intaneti yavuta. Iye anafufuza mpaka anapeza khomolo, naulula pa 29 Malichi 2024. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Debian ya stable siinakhudzidwe konse, chifukwa cha kuchedwa komwe kuja amakudandaula.

Kwa sukulu kapena ofesi ya kuchigwa, kumene magetsi ndi intaneti zimabwera ndi kupita, zimenezi zili ndi phindu looneka. Debian ingathe kuikidwa pa kompyuta kuchokera pa DVD kapena pa fulashi popanda intaneti, ndipo fulashi imodzi ingayende sukulu khumi osaphwanya lamulo lililonse. Mtundu uliwonse wa stable umalandira zokonza za chitetezo kwa zaka pafupifupi zisanu. Pulogalamu siisiya kugwira ntchito chifukwa chakuti chilolezo chatha ndipo ndalama zakunja zasowa.

Komabe pali mbali ina imene aphunzitsi ayenera kuidziwa. Zinthu m'gulu lotere zimayenda monga mwa manja amene alipo. Mu Debian 13 makompyuta akale kwambiri a mtundu wa 32-bit analeka kuthandizidwa mokwanira, pakuti owasamala anachepa, chikhalirecho makina akale ndiwo amapezeka m'sukulu zambiri zolandira mphatso. Pulogalamu yoikira Debian pa kompyuta inamasuliridwa m'zinenero zoposa 70, koma Chichewa mulibe, Chisena mulibenso. Palibe amene anaziletsa, kungoti sanapezeke wozimasulira. Msonkhano wapachaka wa gululi, DebConf, unafika mu Africa koyamba mu 2016, mumzinda wa Cape Town, patapita zaka 23 chiyambire Debian.

Polowa m'gululi safunsa satifiketi ya MSCE kapena digiri. Wongoyamba kumene amayamba ndi zazing'ono: kunena chilema chimene wachipeza ndi kufotokoza bwino m'mene chimachitikira, kumasulira mawu, kapena kukonza malangizo olembedwa mosamveka. Akafuna kumanga phukusi, membala wakale amayang'ana ntchito yake mzere ndi mzere, naibweza kangapo ngati kuli kofunika, asanaisindikize ndi kiyi wake. Akaonetsa luso ndi kukhulupirika kwa nthawi, amaloledwa kutumiza yekha maphukusi ake, ndipo pambuyo pake angapemphe umembala wonse ndi ufulu wovota. Gululi limasunganso poyera mndandanda wa maphukusi amene owasamala anatopa kapena anachoka. Amawatcha amasiye, alipo mazanamazana, ndipo aliyense wa ku Bangula, ku Marka kapena kwa Nyachikadza amene ali ndi kompyuta yogwira ntchito ndi Chingerezi cha Fomu 4 amaloledwa kulemba dzina lake pambali pa limodzi mwa iwo.