Kodi Nyalugwe Wakuda Alikodi?

Mau okambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi

Lero sindikamba za mizere kapena za manyowa, koma za chirombo. Mwezi wathawu ndinaitanidwa ku mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri kumene mbuzi zitatu zinafa usiku umodzi. Mwini mbuzizo analumbira kuti anaona chirombo chakuda bii, cha mchira wautali, chikulumpha mpanda. Pofika masana mudzi unali utagawanika. Ena anati ndi nyalugwe wakuda, ena anati chirombo chotere kulibe, ndipo ena anati n'chotumidwa ndi munthu, nayamba kutchula dzina la nkhalamba ina. Chifukwa chake ndaganiza kuti nkhaniyi tiikambe poyera.

Kodi nyalugwe wakuda aliko? Inde, aliko, ndipo m'Chingerezi amamutcha black panther. Koma sali mtundu wapadera wa chirombo iai. Ndi nyalugwe yemweyu, amene ena mumati kambuku, wobadwa ndi ubweya wakuda. Dzuwa likamuwalira bwino mawanga ake amaoneka ndithu pansi pa kudako. Inu oweta mudziwa kuti ng'ombe ziwiri zakuda nthawi zina zimabala mwana wofiira, pakuti kufiirako kunabisala m'magazi a makolo onse awiri. N'chimodzimodzi ndi nyalugwe: mwana amada pokhapokha atatengera kudako kwa atate ndi amai omwe, ngakhale onsewo akhale amawanga.

Anyalugwe akuda achuluka ku nkhalango zowirira za ku Malaysia ndi ku chisumbu cha Java. Ku South America kuli chirombo china chofanana naye, dzina lake jaguar, ndipo nachonso chimabadwa chakuda nthawi zina. Kuno ku Africa ngosowa kwambiri, ndipo mbiri yao imamveka makamaka ku mapiri a ku Kenya ndi ku Ethiopia. Mmodzi anajambulidwa ku Addis Ababa m'chaka cha 1909. M'chaka cha 2018 akatswiri anatchera makamera ojambula okha ku Laikipia, m'dziko la Kenya, ndipo anajambula nyalugwe wamkazi wamng'ono wakuda akuyenda ndi wamkulu wamawanga, amene iwo anaganiza kuti ndiye make. Umenewo ndiwo umboni weniweni.

Koma si yense wonena kuti waona nyalugwe wakuda amene wamuonadi. Tamvani za ku Britain, dziko limene m'tchire mwake mulibe anyalugwe obadwira momwemo. Kumeneko anthu ambiri akhala akunena kuti aona chirombo chakuda m'mabusa a nkhosa. M'chaka cha 1983 nkhosa zambiri zinafa ku Exmoor, kotero kuti Boma linatumiza asilikali kukachisaka, koma sanachigwire. M'chaka cha 1995 Unduna wa za Ulimi unafufuza mbiri yonga yomweyo ku Bodmin. Atayesa bwino zithunzi zimene anthu anabweretsa, anapeza kuti zirombo zoonekamo zinali za msinkhu wa mphaka wa pakhomo. Patangopita masiku owerengeka mnyamata wina anatola chigaza cha nyalugwe mumtsinje komweko, ndipo anthu anati, "Suyu umboni!" Akatswiri a ku London atachiyesa anavomera kuti n'cha nyalugwe, koma chinali chodulidwa ku chikopa choyala m'nyumba, ndipo m'kati mwake munali chikwa cha mazira a mphemvu ya ku maiko otentha.

Kodi anthu onsewo anali kunama? Iai. Ambiri ananena zimene maso ao anawauza. Koma usiku, kapena dzuwa likamalowa, nyama iliyonse imaoneka yakuda. Ndiponso nyama ikakhala patali, popanda mtengo kapena munthu pambali pake woyerekezera, simungadziwe kukula kwake. Mantha nawonso amakulitsa chinthu.

Tsono chiweto chanu chikagwidwa, musathamangire zimene munaona mumdima, koma kukacha yang'anani pansi. Choyamba, mapazi. Nyalugwe poyenda amabisa zikhadabo zake monga mphaka, motero phazi lake limakhala lozungulira, la mainchi 3 kapena 4, lopanda zikhadabo. Galu ndi fisi sangathe kubisa zao, ndipo zimaoneka kutsogolo kwa zala. Chachiwiri, mabala. Nyalugwe amagwira pakhosi, nasiya mabowo a mano, ndipo kawirikawiri amakoka nyama yake kunka nayo pa thengo kapena kuikweza mumtengo. Fisi amaphwanya ndi mafupa omwe. Agalu amaluma paliponse, makamaka miyendo ya kumbuyo ndi pamimba, navulaza ziweto zambiri osazidya kwenikweni.

Ku mudzi kuja tinachita zomwezo pamodzi ndi mfumu. Mapazi onse ozungulira khola anali ndi zikhadabo. Mbuzi zinang'ambidwa m'ntchafu, pakhosi popanda bala, ndipo zonse zinasiyidwa pomwepo. Tinatsata mapaziwo mpaka ku mudzi wa patsidya, kumene tinapeza agalu osamangidwa, mmodzi wa iwo wamkulu ndi wakuda. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikadapanda kudekha, nkhalamba yosalakwa ikadavutika chifukwa cha galu.

Sindikunena kuti anyalugwe kuno kulibe. Aliko ku Nyika ndi ku malo ena, ndipo ku Majete anabwezeredwako kuyambira m'chaka cha 2011. Mukapeza mapazi opanda zikhadabo, avundikireni ndi lichero kuti asafafanizike, muuze mfumu ndi a Dipatimenti ya Nyama za Kutchire msanga. Musamutsate nokha m'thengo, pakuti nyalugwe wovulala ngoopsa koposa. Musathire mankhwala pa nyama yotsala, chifukwa mudzapha miimba ndi agalu anu omwe, ndipo malamulo amaletsa. Kumbukiraninso kuti nyalugwe amadya anyani ndi nguluwe zimene zimakutherani chimanga.

Chachikulu ndi khola. Mangani khola la m'mwamba, la mitengo yolimba yothithikana, lokhala ndi denga ndi chitseko chotsekeka bwino. Lowetsani mbuzi dzuwa lisanalowe, ndipo agalu anu muziwadyetsa ndi kuwamanga usiku. Khola lotere limaletsa galu, fisi ndi nyalugwe yemwe, kaya akhale wamawanga kaya wakuda.

Sabata ya mawa tidzakamba za kamangidwe ka khola limeneli. Tsalani bwino nonse.