Mtima Ukalemera: Kodi Zitsamba, Mavitamini ndi Kuyenda Zingathandize?

Alipo ena pakati pathu amene kukacha amaona ngati kudzuka pamphasa ndi ntchito yolemetsa kuposa kulima munda. Chakudya sichikoma, tulo sitibwera, ndipo zimene kale zinkawasangalatsa zasanduka zosakoma. Zoterezi zikachitika pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo, madokotala amati ndi matenda ovutika maganizo. Mu 2023 bungwe la WHO linanena kuti anthu pafupifupi 280 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa.

Choyamba tichotse mlandu umene ambiri timasenzetsa odwalawa, wakuti chikhulupiriro chawo chachepa. Pa 1 Mafumu 19 timamva za mneneri Eliya, amene atathawa Yezebeli anapempha kuti afe. Sanadzudzulidwe ai. Anagona tulo, anapatsidwa mkate ndi madzi kawiri konse, kenaka anayenda ulendo wautali. Thupi ndi maganizo zimayendera limodzi, ndipo kusamala thupi si uchimo.

Tiyambe ndi chimene chili ndi umboni wamphamvu, chimenenso sichifuna ndalama: kugwiritsa ntchito thupi. Mu 2024 magazini ya zachipatala ya BMJ inasindikiza zotsatira za kafukufuku 218 wosonkhanitsidwa pamodzi, ndipo zinaonetsa kuti kuyenda ndawala, kuthamanga ndi kunyamula zolemera kumachepetsa ndithu zizindikiro za matendawa. WHO imalangiza munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiko kuti mphindi 30 kwa masiku asanu. Komatu tikudziwa kuti matendawa amalanda mphamvu yomweyo imene munthu akanayendera. Tsono musadikire kuti mtima ufune. Yambani ndi mphindi 10 m'mawa, dzuwa litatuluka, ndipo pemphani mnzanu kuti azikutengani pakhomo. Kupalasa njinga, kulima m'dimba ndi kuvina nazonso zimawerengedwa.

Nanga zitsamba? Chodziwika kwambiri ndi St John's wort, chimene chimagulitsidwa m'masitolo a mankhwala ku South Africa ndi ku Britain popanda kalata ya dokotala. Kafukufuku wasonyeza kuti chimathandiza ena amene matenda awo sanafike poipa. Koma apa tcherani khutu, abale ndi alongo. Chitsambachi chimafulumizitsa chiwindi kuchotsa mankhwala ena m'magazi. Munthu amene ali pa ma ARV akachimwa, mphamvu ya mankhwala ake imatsika, ndipo kachilombo kangayambenso kuchulukana ndi kusiya kumva mankhwala. Chimafooketsanso mapiritsi olera ndi warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Ndipo chikamwedwa pamodzi ndi mankhwala a kuchipatala a matenda omwewa, monga fluoxetine, chingadzetse kunjenjemera, kutentha thupi ndi kusokonezeka mutu koopsa. Choncho wachibale akakutumizirani botolo kuchokera ku Johannesburg kapena ku London, ngakhale watumiza mwachikondi, kaonetseni kuchipatala musanameze ndi kamodzi komwe. Mawu akuti "zachilengedwe" satanthauza kuti chinthu sichingavulaze.

Za mavitamini, tisataye ndalama mwachisawawa. Kafukufuku wamkulu wa ku America, wofalitsidwa mu 2020, anatsata anthu oposa 18,000 a zaka 50 kupita m'tsogolo kwa zaka pafupifupi zisanu, ndipo anapeza kuti kumwa vitamini D tsiku lililonse sikunateteze anthuwo ku matendawa. Vitaminiyu ndi wofunika pa mafupa, ndipo ku Britain, kumene dzuwa limasowa m'nyengo yachisanu, boma limalangiza anthu kumwa mamaikologalamu 10 patsiku m'nyengoyo. Koma si mankhwala a mtima wosweka. Mafuta a nsomba otchedwa omega-3 angathandize pang'ono chabe, ndipo usipa, matemba ndi kapenta ali nawo mafutawa pamtengo wotsika. Chanzeru ndi kukayezetsa magazi, pakuti kuchepa kwa magazi ndi matenda a chithokomiro zimabweretsa kufooka kofanana ndi kwa matenda ovutika maganizo. Mowa ndi chamba zimaiwalitsa usiku umodzi, koma m'mawa dzenje limakhala litakula.

Palinso chithandizo china chimene sichili m'botolo: kukhala ndi womukhuthulira zakukhosi. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi pafupi ndi chipatala, kumvetsera odwala ndi kuwathandiza kuthetsa mavuto awo limodzilimodzi. Zotsatira zofalitsidwa mu 2016 zinaonetsa kuti amene anakhala pabenchipo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Mutu umodzi susenza denga.

Pomaliza, tidziwe malire. Njira zonsezi zimathandiza pamene matenda sanakule, kapena pothandizana ndi chithandizo cha kuchipatala. Ngati mwapatsidwa mankhwala, pirirani, chifukwa amatenga masabata angapo asanayambe kumveka m'thupi; ndipo musawasiye mwadzidzidzi popanda kufunsa dokotala. Koma ngati munthu waleka kudya, akulephera kusamala ana ake, kapena akulankhula zofuna kudzipha, imeneyo si nthawi ya tiyi wa zitsamba. Musamusiye yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu, a makoswe ndi zingwe, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Inu amene mtima wanu walemera, matendawa amachizika, ndipo ambiri amene anadutsa m'menemo lero akusekanso. Mawa kukacha, idyani kanthu, tulukani panja, yendani pang'ono, ndipo muuzeko munthu mmodzi amene mumamukhulupirira zimene zili mumtima mwanu.