Kugona Motchipa M'mphepete mwa Nyanja ku Durban

Mzinda wa Durban, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, uli m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Indian Ocean. Madzi ake ndi ofunda chaka chonse, choncho anthu amasambira ngakhale mu Juni. Mahotela ataliatali andanda moyang'ana gombe lotchedwa Golden Mile, lomwe layambira ku uShaka Marine World n'kulowera chakumpoto kumene mtsinje wa Umgeni umathira m'nyanja. Kuseri kwa mahotelawo, komanso m'madera ngati Bluff ndi Umhlanga, kuli tinyumba togona alendo a m'thumba mopepuka. Kumeneko amatitcha mabackpackers, potengera chikwama chakumsana chimene alendo ake amabereka.

Amene anaphunzira sukulu yogonera konko sangaone chachilendo. Chipinda chimodzi chimakhala ndi mabedi osanjikizana, wina pansi wina pamwamba, ndipo mumagona anthu anayi, asanu ndi mmodzi, mwina kuposa apo. Mlendo salipira chipinda, amalipira bedi, n'chifukwa chake mtengo umatsika kwambiri poyerekeza ndi hotela. Bafa ndi chimbudzi n'zogawana. Nyumba zambiri zili ndi chipinda cha akazi okhaokha, zina zilinso ndi tizipinda ta anthu awiri tokwererako mtengo. Mchitidwewu unayambira ku Germany, kumene mphunzitsi Richard Schirrmann anatsegula hositelo yoyamba yokhazikika ya achinyamata mu 1912 ku Altena, pofuna kuti ana asukulu osauka aziyenda ulendo ndi kupeza pogona.

Mtima wa nyumba yotere ndi khitchini. Muli mapoto, mbale, sitovu ndi firiji imodzi ya anthu onse. Aliyense amagula zakudya zake, n'kulemba dzina ndi tsiku lochoka pa jumbo asanaliike m'firijimo. Pakona pamakhala shelefu ya zakudya zosiyidwa ndi amene apita: theka la paketi ya mpunga, mafuta otsalira m'botolo, mchere. Wofika kumene amangotengapo. Madzulo munthu wa ku Germany akuwiritsa pasita, pambali pake wina akuvundula nsima ndi ufa wogula m'sitolo, ndipo pamenepa ndi pomwe macheza amayambira. Lamulo lake ndi limodzi ndipo ndi lolimba: wadya, tsuka. Mphika wosiyidwa ndi makoko umadanitsa anthu msanga kuposa mkonono wa usiku. Wotopa ndi kuphika amagula bunny chow, buledi wobooledwa pakati n'kuthiramo ndiwo za curry, chakudya chimene chinabadwira pakati pa Amwenye a mumzindawu.

Kutchipaku kuli ndi mtengo wake. Wina amabwera pakati pa usiku n'kuyatsa getsi, wina amadzuka mbandakucha kulongeza katundu m'majumbo aphokoso. Mchenga umalowa paliponse, mpaka m'zofunda. Nkhani yaikulu ndi ya katundu: pasipoti, foni ndi ndalama zimafunika kutsekeredwa m'kabati, ndipo loko mlendo amabwera nayo yekha. Kunjako, msewu wa oyenda pansi wa m'mphepete mwa nyanja umadzaza masana ndi othamanga, apanjinga ndi Azulu okoka ngolo za rickshaw atavala zisoti za mikanda ndi nyanga. Koma misewu ina yakuseri kwa mahotela siyendeka bwino kukada, ndipo olandira alendo pakhomo ndi amene amadziwa njira yoyenera kuipewa.

Nyanjayi si ya Malawi. Wozolowera kusambira ku Salima kapena ku Mangochi amadzidzimuka ndi mchere wolowa m'maso ndi mafunde ogwetsa munthu wamkulu. Choopsa koposa ndi madzi obwerera mwamphamvu, amene amakokera munthu kwakuya. Pachifukwachi opulumutsa anthu amazika mbendera zofiira ndi zachikasu, ndipo posambira ndi pakati pa mbenderazo basi. Maukonde otchinga nsomba zolusa za shaki anayamba kutcheredwa ku Durban mu 1952. Chigumula cha mu Epulo 2022 chinaononga mipope ya zonyansa, ndipo kuchokera pamenepo magombe ena akhala akutsekedwa nthawi ndi nthawi madzi akapezeka ndi tizilombo, motero kufunsa kaye musanalowe m'madzi si mantha ayi.

Kuti munthu wakuda wa ndalama zochepa agone pafupi ndi gombeli n'kusamba mmawa si nkhani yaing'ono. M'nthawi ya tsankho, magombe abwino a Durban anali ndi zikwangwani zonena kuti ndi a azungu okha, ndipo anatsegulidwa kwa onse mu 1989. Masiku ano pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale khamu limachuluka mwakuti mchenga suoneka.

Nyengo imeneyi ndi imenenso mabedi amatha msanga ndipo mitengo imakwera, choncho malo amasungitsidwa kukadali miyezi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mvula imachepa, chinyontho chimatsika, ndipo bedi limapezeka mosavuta. Ochokera ku Malawi pa basi amatsikira ku Johannesburg n'kukwera ina yodzera mumsewu wa N3, mtunda wa makilomita pafupifupi 570. Apandege amatera pa bwalo la King Shaka, lomwe linatsegulidwa mu 2010, makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa mzindawu.